Namwino afunse za nkhanza, koma atseke kaye chitseko

Kabuku ka sikelo ka mwana wa ku Senga Bay kamasunga zambiri. Muli tsiku lake lobadwa, kulemera kwake mwezi ndi mwezi, katemera wa BCG ndi wa poliyo amene analandira atangobadwa, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi 15, komanso vitamini A. Mzere wa kakulidwe ukayamba kuwerama, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amadziwa zoyenera kufunsa. Mwanayu akuyamwa bwino? Anatsegula m'mimba? Mumagona m'masikito? M'phala mukuthira nsinjiro? Mafunso onsewa ndi abwino ndipo apulumutsa ana ambiri. Koma lilipo lina limene silimveka kawirikawiri pa sikelo, chonsecho yankho lake limatha kumasulira zimene mafunso enawo akanika: kodi mayi amene wabereka mwanayu kumbuyo amagona mwamtendere kunyumba kwake? Ganizo langa ndi lakuti funso limeneli ndi la umoyo wa mwana, monga lilili funso la malungo, ndipo malo ake ndi ku sikelo. Koma ndikunenanso kuti likafunsidwa pamzere, anthu akumva, wofunsayo asanakonzeke kuti yankho achita nalo chiyani, likhoza kupweteketsa mayi kuposa kungokhala chete.

Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana, kapena kuzunzidwa m'maganizo ndi mawu onyoza ndi oopseza. Amayi 34 mwa 100 azaka za pakati pa 15 ndi 49 anamenyedwapo chikwanitsire zaka 15, ndipo 5 mwa 100 anamenyedwa ali ndi pakati. Chowawa kwambiri m'kafukufukuyo ndi kukhala chete: pafupifupi theka la amayi amene anamenyedwa kapena kugwiriridwa sanapemphe thandizo kulikonse ndipo sanauze munthu. Kafukufuku yemweyo ananenanso kuti ana 91 mwa 100 anabadwira kuchipatala, ndipo amayi 95 mwa 100 anaonedwa ndi wachipatala wodziwa ntchito ali oyembekezera. Ndiye kuti mayi amene sanauze mchemwali wake, sanauze abusa kapena shehe, sanapondeko kupolisi, ndi yemweyo amene amakhala pa benchi ya chipatala maulendo ambirimbiri kuyambira ali ndi pakati mpaka mwana atayamba kuyenda. Boma limamuona, limamulemba dzina, limamuyeza magazi, limamupatsa masikito, kenako n'kumubweza kunyumba osadziwa chimene chikumudikira kumeneko. Ziwerengerozi ndi za dziko lonse, koma palibe chotipangitsa kuganiza kuti dera la Mfumu Yaikulu Maganga, kumene kuli Senga Bay, lili padera.

Wina anena kuti namwino wa ana ntchito yake ndi mwana, za akuluakulu azisiye. Umboni ukukana. Lipoti la bungwe la World Health Organization la 2013 linasonyeza kuti amayi ochitiridwa nkhanza ndi amuna awo amabereka ana ochepa thupi kawirikawiri kuposa anzawo, kusiyana kwake 16 peresenti, ndiponso kuti matenda a kukhumudwa amawagwira pafupifupi kawiri kuposa amayi ena. Mu 2016 akatswiri anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 42 wa m'mayiko 29 n'kupeza kuti kupinimbira kumachulukirapo mwa ana a amayi ochitiridwa nkhanza. Kwathu kuno, Robert Stewart ndi anzake anacheza ndi amayi obwera ndi ana ku sikelo ya chipatala cha boma cha Thyolo, ndipo zotsatira zawo za mu 2008 zinasonyeza kuti ana a amayi ovutika maganizo anali otsalira pa msinkhu poyerekeza ndi anzawo. M'dziko limene ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 anapezeka opinimbira pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja, izi si nkhani zapambali. Ndipo mmene zimayendera sizovuta kuona. Mayi amene walandidwa ndalama ya usipa sagula dzira. Mayi wotupa diso amajomba tsiku la katemera poopa maso a anzake. Mayi amene amabisa botolo la ma ARV m'thumba la ufa chifukwa bambo sakudziwa, ndipo akadziwa kugwa nkhondo, amadumphitsa mankhwala, ndipo ndondomeko ya Option B+ imene dziko lino linayambitsa mu 2011 kuti ana asatengere HIV kwa amayi awo imathera pa iye. Mayi amene wachezera ndi mantha amayamwitsa mtima uli kwina, saseka ndi mwana, sachedwa kupsa mtima khanda likalira. Namwino wofunsa za phala lokha wamva theka la nkhani.

Akuluakulu a mwambo nawo ali ndi mawu awo, ndipo ndi oyenera kuwamva mwaulemu. Za m'banja, amatero, sizituluka kunja. Zili ndi eni ake, ankhoswe. Mtsikana polowa m'banja amalangizidwa kuti banja ndi kupirira, ndipo wokaulula za kuchipinda kwa mlendo wovala yunifolomu amaoneka wopanda mwambo. Komatu mwambo womwewo sunalekanitsepo thanzi la khanda ndi khalidwe la makolo ake. Mwana akayamba kuonda, tsitsi kufiira, miyendo kutupa, agogo athu ankati watsemphedwa, ndipo oyamba kuitanidwa kuti afotokoze ngati anasunga mwambo anali bambo ndi mayi ake. Achipatala anatiphunzitsa kuti zizindikiro zimenezo ndi za kunyentchera, ndipo ananena zoona. Koma pochotsa chikhulupirirocho tinataya ndi nzeru yomwe imene inali m'kati mwake, yakuti thupi la mwana limaulula za mtendere wa m'nyumba, ndiponso kuti mwana akamafooka anthu ena ali ndi ufulu wofunsa makolo. Namwino wofunsa za kunyumba sakubweretsa chachilendo. Kunena za ankhoswe, ntchito yawo ndi yaikulu ndipo mabanja ambiri alipo lero chifukwa cha iwo. Koma nkhoswe amaikidwa kuti asunge banja, ndipo chigamulo chake kawirikawiri chimakhala chakuti bwererani mukagwirizane. Pa mkangano wa ndiwo kapena wa ulendo wosatsanzika, chigamulo chotere n'chabwino. Pa mwamuna amene wakanyanga mkazi pakhosi, chigamulo chomwecho chimatha kuthera kumanda. Kuwonjezera apo, m'madoko a nyanja muli mabanja ambiri ongolowana, a anthu amene anabwera kudzatsata nsomba kuchokera kumpoto, ku Mangochi kapena kumtunda, amene ankhoswe awo, ngati alipo n'komwe, ali ulendo wa tsiku lathunthu.

Moyo wa ku Senga Bay uli ndi zake zimene namwino wa kumeneko ayenera kuzidziwa. Ndalama ya nyanja siyenda ngati malipiro a pamwezi. Mwezi ukakhala kumdima, maboti a chilimira amapita ndi nyali usiku ndipo m'mawa pa doko la Nguwo usipa umadzaza mathandala. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, maboti amagona kumtunda masiku angapo ndipo m'nyumba mumakhala mulibe kanthu. Ndalama yobwera nthawi imodzi imathanso nthawi imodzi, ina kumowa, ndipo funso lakuti yapita kuti ndi chiyambi chodziwika cha ndewu. Amayi ambiri ndiwo amagula usipa, kuyanika ndi kukagulitsa ku Salima kapena ku Lilongwe. Khanda likabadwa geni imaima, mpamba umadyedwa, ndipo mayi amene dzulo anali ndi yakeyake lero akupempha ya sopo wochapira matewera. Nthawi yomweyi ndi imene mwambo umafuna kuti awiriwo adikire kaye asanayambenso kukhalira malo amodzi, ndi imene nkhani ya kulera imabuka, ndi imene zotsatira za magazi za ku sikelo ya amayi apakati zimakhala zisanakambidwe bwino m'nyumba. Ndisamveke ngati ndikunena kuti nkhanza ndi za asodzi. Ku Senga Bay kuli asilikali, aphunzitsi, ogwira ntchito m'mahotela, osema ziboliboli, alimi a mpunga cha ku Lifuwu, Akhristu ndi Asilamu, olankhula Chichewa, Chiyao ndi Chitonga, ndipo chibakera sichisankha nyumba ya malata kapena ya udzu. Mwinanso mkazi wa munthu wolemekezeka ndiye amavutika kwambiri kuulula, chifukwa nyumba imene akugonamo ndi ya kuntchito kwa mwamunayo, ndipo dzina limene angaipitse ndi limene likudyetsa ana.

Apa ndi pamene sikelo imaposa khomo lina lililonse. Ulendo wa kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, umaoneka. Mudzi wonse umadziwa dzuwa lisanalowe. Ulendo wa ku boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, umafuna ndalama ya galimoto kapena ya kabaza, ndiponso chifukwa chouza bambo. Koma ku sikelo mayi sapempha chilolezo chapadera. Ngakhale mwamuna wansanje amene amaletsa mkazi kupita kumsika kapena kwa makolo ake nthawi zambiri saletsa katemera, chifukwa amadziwa kuti amfumu ndi azaumoyo afunsa. Ndipo mayi sabwera kamodzi. Amene wayankha lero kuti kunyumba kuli bwinobwino adzabweranso pa masabata 10, pa 14, pa miyezi 9, akudziwa kuti alipo munthu mmodzi amene anafunsapo ndipo sanaseke. Ambiri saulula pa funso loyamba. Amayamba aona kaye ngati wofunsayo si wapakamwa.

Kutsutsa kolemera kwambiri kumachokera kwa akatswiri enieniwo. Mu 2013 World Health Organization inatulutsa malangizo a momwe achipatala angathandizire amayi ochitiridwa nkhanza, ndipo sinavomereze zoti mayi aliyense wolowa m'chipatala azifunsidwa za nkhanza mosaona chimene wadzera. Chifukwa chake chinali umboni. Kafukufuku wamkulu wa ku Ontario, m'dziko la Canada, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti amayi amene anafunsidwa sanasiyane kwenikweni ndi amene sanafunsidwe pa kuchepa kwa nkhanza pambuyo pake. Bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2015 linati kufunsa kumathandiza kupeza amayi ozunzidwa ochulukirapo, makamaka ku sikelo ya amayi apakati, koma panalibe umboni wokwanira woti miyoyo yawo imasintha. Wowerenga mothamanga anganene kuti basi nkhani yatha, tisavutitse anamwino athu. Ine ndikuona mwina. Chimene akatswiriwa anatsimikiza n'chakuti funso palokha silichiza. Pamene funso linatsatidwa ndi uphungu weniweni, zinthu zinayenda mosiyana: ku Washington, m'dziko la America, amayi oyembekezera amene analandira uphungu pa maulendo angapo a sikelo anachitiridwanso nkhanza mocheperapo kuposa anzawo, malinga ndi zotsatira za mu 2010. Mu 2016, m'malangizo a chisamaliro cha amayi oyembekezera, bungwe la World Health Organization lomwe lija linati achipatala aganizire kwambiri zofunsa za nkhanza akaona mavuto amene nkhanza ingayambitse kapena kukulitsa, bola pakhale ndondomeko yolembedwa, wogwira ntchito wophunzitsidwa kafunsidwe, malo oduka mphepo, chinsinsi chotsimikizika, kotumiza mayiyo, ndi nthawi yomumvera. Ku Victoria, m'dziko la Australia, anamwino a amayi ndi ana akhala akufunsa za nkhanza za m'banja mwana ali ndi masabata 4 kuyambira mu 2009, ndipo ku Sweden mayi amakhala ndi namwino payekha mwana akafika masabata 6 mpaka 8 kuti akambirane za maganizo ake. Mayiko amenewa ali ndi chuma chimene ife tilibe. Koma mukayang'ana zofunikazo, mulibe makina kapena mankhwala odula. Muli chitseko, maphunziro ndi mphindi zingapo.

Chitsekocho ndiye vuto lathu lenileni. Sikelo ya ana ku Malawi ndi msonkhano wa pagulu. Amayi amakhala pa mabenchi, kapena pansi pa mtengo ku sikelo yoyendera m'midzi, amaimba, amamvera phunziro la zaumoyo, kenako mmodzimmodzi amakoleka mwana anzake akuonerera. Kumbuyo kwa mayi aliyense kuli woyandikana naye nyumba, mlamu wake, mwina apongozi amene amuperekeza. Kufunsa pamenepo kuti "bambo amakumenyani?" n'kumukakamiza kunama, ndipo akalimba mtima n'kunena zoona, nkhani ifika kunyumba iye asanafike. Ngakhale mwana wa zaka 3 amene wagwira chitenje cha amayi ake amatha kukabwereza madzulo zimene wamva. Komabe zipatala zathu zili ndi zipinda zimene mayi amalowa yekha popanda wodabwa: cha zakulera, choyezera mayi amene wachira kumene, choyezera magazi. Dziko lino linaphunzira kale kusunga chinsinsi cha HIV ngakhale m'zipatala zazing'ono za kumudzi, moperewera nthawi zina, komabe linaphunzira. Nthawi yoyenera kwambiri ndi ya masabata 6, pamene mwana akulandira katemera ndipo mayi akuyezedwa n'kukambirana za kulera. Pamenepa ine ndingapitirire pang'ono malangizo a World Health Organization aja: funsoli lipite kwa mayi aliyense wolowa m'chipindamo, osati okhawo ooneka ndi zipsera. M'mudzi momwe aliyense amaona amene waitanidwa padera, kuitanidwako kwaulula kale. Namwino akayamba ndi mawu akuti "amayi, funso ili timafunsa aliyense, chifukwa za kunyumba zimakhudza thanzi la mwana," palibe amene walozedwa chala. Ndipo yankho lisalembedwe m'kabuku ka sikelo. Kabukuko kamapita kunyumba, kamakhala m'chikwama chimene bambo amatsegula. Zolemba zikhale m'kaundula wotsekeredwa kuchipatala.

Nanga abambo? Kwa zaka zambiri takhala tikuwaitanira ku sikelo. M'zipatala zambiri mayi wobwera ndi mwamuna wake amathandizidwa msanga, ndipo m'madera ena mafumu anafika poika malamulo oti wobwera yekha abweretse kalata ya amfumu. Cholinga n'chabwino, ndipo abambo ambiri amene amabwera ndi amene timafuna atachuluka. Koma mwamuna amene sachoka pambali pa mkazi wake, amene amayankha mafunso onse m'malo mwake, akhoza kukhala wachikondi, akhozanso kukhala mlonda. Namwino sangadziwe poyang'ana nkhope. Choncho lamulo likhale limodzi kwa onse: pali gawo la kuyeza limene mayi amalowa yekha, bambo n'kudikira panja ndi mwana. Za nkhanza sizifunsidwa mwamuna ali pomwepo, amwetulire chotani. Izi sizikutanthauza kuti bamboyo angokhala pa benchi ngati wonyamula katundu. Iyenso ndi kholo latsopano, nthawi zambiri mnyamata amene palibe anamuuzapo kuti khanda limatha kulira nthawi yaitali popanda matenda, kuti kuligwedeza mwaukali kukhoza kuwononga ubongo wake, kuti mkazi amene wachira kumene amafunika nthawi kuti thupi libwerere, kuti jakisoni wa kulera si umboni wa chibwenzi. Ambiri mwa anyamata amenewa anakula akumenyedwa: kafukufuku wa nkhanza kwa ana wa mu 2013 anapeza kuti anyamata pafupifupi 2 mwa 3 alionse ndi atsikana 2 mwa 5 anachitiridwa nkhanza za kuthupi ali ana. Kukamba nawo za chochita mkwiyo ukakwera si kuwaimba mlandu. Ndipo poyambira palipo. Mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja, amuna 13 okha mwa 100 ndiwo anati pali chifukwa chomveka chomenyera mkazi, pamene amayi ovomereza zimenezo anali 16. Mawu aja akuti kumenya ndi mankhwala a banja ali ndi owakhulupirira ochepa kusiyana ndi phokoso lawo. Alipo amuna amene nawonso amazunzidwa ndi akazi awo, ndipo namwino wocheza ndi bambo payekha akhoza kumva zimenezo. Koma ovulala kwambiri ndi ophedwa m'manyumba ambiri ndi amayi, ndipo dongosolo likonzedwe podziwa zimenezo.

Anamwino eni ake ali ndi dandaulo lawo, ndipo ndi loona. Ndi ochepa. Namwino mmodzi pa chipatala chaching'ono amatha kuchezera kuchipinda chochirira, m'mawa n'kupeza mzere wa amayi apakati, wa zakulera ndi wa odwala ukumudikira. Ntchito yambiri ya sikelo ya ana imagwiridwa ndi alangizi a zaumoyo, amene boma limafuna kuti akhale mmodzi pa anthu 1,000 alionse koma m'madera ambiri amasamalira oposa pamenepo. Kusenzetsa funso lina anthu otopa kale, osawachotserako kanthu, n'kupempha kuti lizifunsidwa maso ali pa kaundula, cholembera chitachonga kale pa "ayi". Apa palibe yankho lokoma. Kufunsa sikuchedwa, koma mayi akayamba kulira sungamuuze kuti nthawi yatha, ndipo panja mzere umakhala ukukula. Chimene ndinganene n'chakuti nthawi imeneyo ikutayika kale mwanjira ina: mwana yemweyo wobwerabwera ndi kunyentchera, mayi yemweyo wodandaula mutu ndi msana mwezi uliwonse n'kumapatsidwa panado, bala lomwelo la "ndinagwa pa njinga" losokedwa kachitatu. Ntchitoyi igawidwenso mosamala. Mlangizi wa zaumoyo amakhala m'mudzi momwemo, amapemphera ndi mwamunayo, mwina amagula nsomba kwa iye. Iyeyo aphunzitsidwe kuona zizindikiro ndi kulondolera mayi kwa namwino mwanzeru, koma funso lenilenilo lifunsidwe ndi munthu amene madzulo sakakumana ndi wozunzayo pa golosale. Palinso china chimene sitikonda kunena: amayi ambiri amaopa anamwino. Amene anakalipiridwa pochira sangapereke chinsinsi chake kwa womukalipira uja patangopita masabata 6. Ndipo ena mwa anamwinowo ali m'gulu lija la amayi 42 mwa 100, akupirira zawo kunyumba. Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences, makoleji a CHAM ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi atenge kafunsidwe aka ngati luso lolembedwa pa mayeso, mofanana ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi, osati nkhani ya semina ya masiku awiri ku hotela ya kunyanja, imene anthu a ku Senga Bay amaidziwa bwino poona magalimoto akuluakulu akudutsa.

Mayi akanena kuti inde, namwino achite chiyani? Buku la achipatala limene World Health Organization inatulutsa mu 2014 limatchula zinthu zosafuna ndalama: kumvetsera osaweruza, kufunsa chimene mayiyo akusowa, kumutsimikizira kuti wamveka ndipo si wolakwa, kuona naye za chitetezo chake, ndi kumulumikiza ndi thandizo. Kumutsimikizira kuja kumaoneka kochepa, koma kwa munthu amene aliyense wakhala akumuuza kuti apirire, kumva wovala yunifolomu akunena kuti "amayi, palibe woyenera kumenyedwa m'nyumba mwake" ndi chinthu chachikulu. Choyenera kupewa ndi uphungu wachangu wakuti "musiyeni ameneyo". Nthawi imene mayi akuchoka ndi imodzi mwa nthawi zoopsa kwambiri, ndipo mayi wa khanda la masabata 6, wopanda mpamba, kwawo kuli kutali, akudziwa bwino kuposa namwino chimene chingatheke. Mafunso othandiza ndi ena. Kumenyako kukukula? Anakukanyanganipo pakhosi? Anakuopsezanipo ndi chikwanje kapena mpeni? Anakumenyani muli ndi pakati? Mwana amamumenyanso? Usiku zikavuta mungathawire khomo liti, ndipo kabuku, mankhwala ndi kandalama mungasungitse kwa ndani? Malamulo alipo. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wozunza kuyandikira kapena kuopseza wozunzidwa, ngakhalenso yolola wozunzidwa kukhala m'nyumba wozunzayo atatulutsidwa. Kuli a Victim Support Unit, a ofesi ya chisamaliro cha anthu ku boma, malo a Chikwanekwane m'zipatala zina kumene wachipatala, wapolisi ndi wa chisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi, ndi manambala aulere a 5600 pa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi ndi 116 pa nkhani za ana, amene amayendetsedwa ndi bungwe la YONECO. Koma mayi ndi munthu wamkulu, kopita asankhe yekha. Malangizo a 2013 aja amakana zokakamiza achipatala kukanena kupolisi mayi asanavomere, ndipo chifukwa chake n'chomveka: amayi akadziwa kuti kuulula ndi kumangitsa bambo wa ana awo, adzasiya kuulula, ena adzasiya ndi sikelo yomwe. Pa mwana ndi posiyana. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limalamula wachipatala kudziwitsa a chisamaliro cha anthu kapena apolisi akaona kuti mwana akuzunzidwa. Malire amenewa namwino awanene poyamba, asanafunse, kuti mayi alankhule akudziwa.

Pamene zinthu zimathera panjira ndi pakati pa chipatala ndi thandizolo. Kulemba kakalata n'kuuza mayi kuti apite ku boma, ndalama ya ulendo alibe, n'kungomuthamangitsa mwaulemu. Nyumba zosungirako amayi othawa nkhanza n'zochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ntchito yaikulu ya Spotlight Initiative imene inayamba mu 2019 inagwiridwa m'maboma 6, a Mzimba, Nkhata Bay, Ntchisi, Dowa, Machinga ndi Nsanje. Boma la Salima silinali m'gulumo. Choncho za ku Senga Bay zidalira zimene zilipo kale pafupi. Namwino akhale ndi nambala ya wapolisi wa Victim Support Unit amene amayankhadi foni, ya wogwira ntchito yoteteza ana m'dera la Maganga, ya mayi wa kumpingo kapena kumzikiti amene angasunge mnzake usiku umodzi osalengeza. Mafumu amene anakwanitsa kulipiritsa chindapusa amayi ochirira kunyumba sangatiuze kuti alibe mawu pa mwamuna womenya mkazi wa khanda. Chaka chilichonse, kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December, timaguba ndi zikwangwani m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza, ndipo ndalama ya malaya a tsiku limodzi ikhoza kugula chitseko ndi loko. Pempho langa likupita ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Salima: yambani ndi zipatala zimene amayi a kunyanja kuno amapitako, cha Baptist ku Senga Bay, cha Lifuwu ndi cha Maganga. Musayambe ndi fomu yatsopano. Pezani kaye chipinda, phunzitsani anamwino, gwirizanani ndi apolisi ndi a chisamaliro cha anthu za kolandirira mayi, ndipo kumene izi sizinakonzeke, funsoli lidikire. Pakatha chaka, musatiuze kuti mwafunsa amayi angati. Mutiuze angati mwa amene anaulula anafika kumene munawatumiza ndipo anathandizidwa.